Nambala ikapatuka pa zinzake: momwe IQR imaigwirira ndi zimene siingakuuzeni

Tiyerekeze kuti kalabu ya alimi yayeza matumba 12 a chimanga isanawakweze pa lole, ndipo mlembi walemba m'kope kulemera kwa thumba lililonse m'makilogalamu motere: 50, 49, 52, 47, 51, 5, 50, 58, 48, 53, 49, 51. Manambalawa ndi ongophunzirirapo. Mukawawonkhetsa akukwana 563, ndipo mukagawa ndi 12 mupeza avareji ya makilogalamu 46.9. Taonani tsopano chodabwitsa: mwa matumba 12 amenewa, 11 akulemera kuposa avarejiyo. Nambala imene imayenera kutiuza kulemera kwa thumba wamba yatsika mpaka yasiya pafupifupi matumba onse m'mwamba, ndipo wogula akati alipire potengera iyoyo, alimi aluza.

Waikokera pansi ndi 5 uja. Nambala yotere, yopatuka kutali ndi zinzake, akatswiri a ziwerengero amaitcha outlier. Pa manambala 12 diso limaigwira lokha, koma mizere ikafika 12,000 pa kompyuta diso limatopa lisanafike pakati. Ndipo ngakhale pa matumba athuwa, diso likutithandiza pa 5 yekha. Nanga 58? Wina anena kuti nayenso wapatuka, wina anena kuti limenelo ndi thumba lotsendera bwino basi. Pafunika lamulo loti anthu awiri osadziwana akalitsatira, aloze manambala omwewo.

Lamulo lomwe limagwiritsidwa ntchito kwambiri, lodalira muyeso wotchedwa IQR womwe tiufotokoze posachedwa, analifalitsa ndi John Tukey, katswiri wa masamu wa ku America yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya Princeton komanso kugwira ntchito ku Bell Labs. Analifotokoza m'buku lake la mu 1977 lotchedwa Exploratory Data Analysis. Nzeru yake yagona pa mfundo imodzi: pofuna kudziwa ngati nambala yapatuka, musaiyeze ndi muyeso womwe nambala yomweyo ingathe kuupotoza.

Kusanja, kudula pakati, kudulanso

Ntchito imayamba ndi kusanja manambala kuyambira yaing'ono kukafika yaikulu: 5, 47, 48, 49, 49, 50, 50, 51, 51, 52, 53, 58. Amene walumpha kusanjaku, zonse zotsatira zimusokonekera, ndipo ambiri amalakwira pomwepa.

Kenako timafuna nambala ya pakatikati pa mzerewo, yomwe m'masamu imatchedwa median. Popeza manambala athu alipo 12, pakati pali awiri, wa nambala 6 ndi wa nambala 7, ndipo onse ndi 50. Median ndi 50. Onani kuti median sikusamala kuti thumba lopepukitsitsa lalembedwa 5, 0 kapena 45. Imangoona malo omwe nambala yaima pa mzere, osati kukula kwake. N'chifukwa chake 5 uja walephera kuisuntha.

Tsopano mzerewo wagawika pawiri. Theka la m'munsi ndi 5, 47, 48, 49, 49, 50, ndipo pakati pake pali 48 ndi 49, kotero median yake ndi 48.5. Imeneyi ndiyo quartile yoyamba, yolembedwa Q1. Theka la m'mwamba ndi 50, 51, 51, 52, 53, 58, pakati pake pali 51 ndi 52, median yake ndi 51.5. Imeneyi ndi quartile yachitatu, Q3. Yachiwiri ndi median ija tapeza kale. Ma quartile atatuwa adula mzere wathu m'zigawo zinayi: kota ya matumba ili pansi pa Q1, kota ina ili pamwamba pa Q3, ndipo theka latsala pakati.

Mpata wa pakati pa Q1 ndi Q3 ndiwo interquartile range, mwachidule IQR. Kwa ife ndi 51.5 kuchotsa 48.5, yankho 3. Tanthauzo lake n'lakuti theka la matumba, aja a pakati, apanikizana m'kampata ka makilogalamu 3 okha. Umenewu ndiwo muyeso wathu wa kusiyana kwa masiku onse, kuja kobwera chifukwa chakuti wina watsendera kwambiri, wina wasoka thumba msanga.

Tukey anati tengani IQR, muichulukitse ndi 1.5, ndipo zomwe mwapezazo muzichotse pa Q1 komanso muziwonjezere pa Q3. Malire awiri omwe atulukawo anawatcha mipanda. Kwa ife 1.5 kuchulukitsa ndi 3 ndi 4.5. Mpanda wa m'munsi ndi 48.5 kuchotsa 4.5, womwe ndi 44. Wa m'mwamba ndi 51.5 kuwonjezera 4.5, womwe ndi 56. Thumba lililonse lopepuka kuposa makilogalamu 44 kapena lolemera kuposa 56 lili kunja. Choncho 5 ali kunja, 58 nayenso ali kunja, pomwe 47 ndi 53 ali m'kati bwinobwino. Chenjezo apa: 4.5 uja amachotsedwa pa Q1 ndi kuwonjezedwa pa Q3, osati pa median. Mukamuika pa median mipanda ifupika ndipo muyamba kukayikira matumba osalakwa.

Pali mipanda inanso yachiwiri, yakutali, yopezeka pochulukitsa IQR ndi 3 m'malo mwa 1.5. Kwa ife ili pa 39.5 ndi 60.5. Apa m'pomwe 5 ndi 58 akusiyanirana. 58 wadutsa mpanda woyamba koma sanafike wachiwiri, ndiye ndi wongofunika kumuyang'ananso. 5 wadutsa yonse iwiri ndi mtunda wautali, ndipo munthu aliyense amene ananyamulapo thumba la chimanga adziwa kuti mwina mlembi anaiwala ziro, kapena analemba 5.0 pofuna kulemba 50.

Zonsezi zimajambulidwa pa chithunzi chotchedwa box plot, chomwenso Tukey anachitchukitsa. Bokosi limayambira pa Q1 kukathera pa Q3, mzere wa m'kati mwake ndi median, ndipo timizere tiwiri timatuluka uku ndi uku. Timizereti sitifika pa mpanda penipeni ayi, timathera pa nambala yomaliza yomwe ili m'kati mwa mpanda. Kwa matumba athu kam'munsi kathera pa 47, kam'mwamba pa 53, ndipo 5 ndi 58 aoneka ngati timadontho toima patokha.

Bwanji osangogwiritsa ntchito avareji?

Pali lamulo lina lotchuka, lodalira avareji ndi standard deviation, womwe ndi muyeso wa mmene manambala amwazikira mozungulira avarejiyo. Limati nambala yotalikira ndi avareji kuposa ma standard deviation atatu ndi outlier. Tiliyese pa matumba athu. Avareji ndi 46.9, standard deviation ndi pafupifupi 13.5, choncho malire ali pa 6.4 ndi 87.4. Thumba lolembedwa 5 lagwidwa mwamwayi chabe, pang'onong'ono likanapulumuka. Ndipo malinga ndi malire amenewa, thumba la makilogalamu 80 likanadutsa popanda wolifunsa.

Chachitika n'chakuti 5 yemweyo wakokera avareji kwa iye mwini, n'kutukumutsanso standard deviation, chifukwa powerengera muyeso umenewu mtunda wa nambala iliyonse kuchokera pa avareji umachulukitsidwa ndi iwo wokha. Nambala yopatuka imadzikulitsira yokha malire, n'kubisamo, n'kubisanso anzake. Pa manambala ochepa vutoli limafika poseketsa. Ngati muli ndi manambala 10 kapena ochepera apo, masamu salola n'komwe kuti ina ifike ma standard deviation atatu kuchokera pa avareji, ngakhale ikule bwanji. Mutha kulemba thumba la makilogalamu 5,000 pakati pa matumba 9 abwinobwino, lamuloli lidzati zonse zili bwino.

Ma quartile sagwa mu msampha umenewu. Sinthani 58 akhale 580, Q3 ikhalabe 51.5 ndipo mipanda siisuntha. Kuti IQR isokonezeke kwenikweni pamafunika kuti pafupifupi kota ya manambala onse ikhale yolakwika mbali imodzi.

Nanga 1.5 anachokera kuti?

Palibe umboni wa masamu wokakamiza kuti akhale 1.5. Anasankhidwa chifukwa amagwira bwino ntchito. Nkhani yomwe imakambidwa pakati pa aphunzitsi a ziwerengero imati Tukey atafunsidwa anayankha kuti 1 ndi wochepa kwambiri, 2 ndi wochuluka kwambiri. Yankholi likumveka ngati nthabwala, koma mukaliwerengera muona kuti lili ndi maziko.

Zinthu zambiri zoyezedwa, monga kutalika kwa anthu akuluakulu kapena kulemera kwa katundu wopakidwa ndi makina, zimamwazika m'njira yotchedwa normal distribution: zambiri zimaunjikana pakati, n'kumachepa mofanana mbali zonse ziwiri. Pa manambala oterowo Q1 ndi Q3 zimakhala pa mtunda wa 0.67 ya standard deviation kuchokera pakati, IQR imakhala pafupifupi ma standard deviation 1.35, ndipo mipanda ya Tukey imagwera pa ma standard deviation 2.7 kuchokera pakati, mbali iliyonse. Kunja kwa mipanda imeneyo kumatsala manambala pafupifupi 7 pa 1,000 alionse. Mukagwiritsa ntchito 1 m'malo mwa 1.5, otsala kunja amaposa 40 pa 1,000, ndipo mungatope ndi kufufuza manambala osalakwa. Mukagwiritsa ntchito 2, amatsala osakwana 1 pa 1,000, kotero zolakwika zambiri zidutsa. Pa mipanda yakutali ija ya 3, amatsala pafupifupi 2 pa miliyoni.

Komatu 7 pa 1,000 ameneyu ali ndi phunziro lomwe ambiri amaliphonya. Ngati muli ndi miyeso 100,000 yoyezedwa bwino, yopanda cholakwika chilichonse, lamuloli lidzalozabe pafupifupi 700. Onsewo ndi enieni, angokhala kumapeto kwa mzere, ndipo mzere uliwonse uyenera kukhala ndi mapeto. Pa manambala ochepa kwambiri vuto limakhala lina: ma quartile enieniwo amagwedera, ndipo lamuloli limaloza manambala osalakwa kawirikawiri kuposa 7 pa 1,000 uja. Ndi manambala asanu kapena asanu ndi limodzi, ine ndingati ingowayang'anani ndi maso.

Kope likuti 48.5, kompyuta ikuti 48.75

Wophunzira amene wawerengera pamanja n'kukayesa pa kompyuta nthawi zambiri amabwerako atakhumudwa, poganiza kuti walakwitsa. Ikani matumba athu mu pulogalamu ya Excel, yomwe ili ndi njira ziwiri zowerengera ma quartile. QUARTILE.INC ikupatsani Q1 ya 48.75 ndi Q3 ya 51.25. QUARTILE.EXC ikupatsani 48.25 ndi 51.75. Ife tinapeza 48.5 ndi 51.5. Palibe walakwa. Quartile nthawi zambiri imagwera pakati pa manambala awiri, ndipo akatswiri sanagwirizane njira imodzi yosankhira malo enieni m'kampatako. Mu 1996 akatswiri a ziwerengero Rob Hyndman ndi Yanan Fan anasanja njira 9 zosiyana zowerengera zimenezi, ndipo pulogalamu ya ziwerengero yotchedwa R ili nazo zonse 9. Yomwe R imagwiritsa ntchito mukapanda kusankha ndi yofanana ndi QUARTILE.INC. Ngakhale pamanja pali kusiyana: manambala akakhala osagawika pawiri ndendende, monga 11, mabuku ena amati median muiike m'matheka onse awiri, ena amati muisiye kunja.

Zotsatira zake ndi mipanda itatu yosiyana. Yathu ili pa 44 ndi 56, ya QUARTILE.INC ili pa 45 ndi 55, ya QUARTILE.EXC ili pa 43 ndi 57. Pa 5 ndi 58 zonse zikugwirizana. Koma thumba lolemeretsetsa lija likanakhala 56.5, njira ziwiri zikanaliloza, yachitatu ikanalisiya. Manambala akachuluka kusiyanaku kumachepa mpaka kusaoneka. Akachepa, polemba lipoti nenani njira yomwe mwatsata, ndipo nambala yomwe yadutsa mpanda ndi kachidutswa chabe musaitenge ngati yosiyana kwenikweni ndi inzake yomwe yatsala pang'ono kudutsa.

Pomwe mipanda imasocheretsa

Lamuloli limaika mpanda pa mtunda wofanana kumanzere ndi kumanja, ngati kuti manambala onse amamwazika mofanana mbali ziwiri. Zambiri za moyo wa anthu siziyenda choncho. Ndalama zomwe mabanja amapeza, kukula kwa minda, nthawi yodikira pa mzere, kuchuluka kwa anthu m'matauni, zonsezi zimaunjikana m'munsi n'kukhala ndi mchira wautali m'mwamba. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu pafupifupi 989,000 mu mzinda wa Lilongwe ndi pafupifupi 800,000 mu Blantyre, pomwe Mzuzu inali ndi pafupifupi 221,000 ndipo Zomba pafupifupi 105,000, matauni a m'maboma n'kukhala aang'ono kuposa apo. Mukasanja matauni onse a dziko lino, mizinda ikuluikuluyo idzagwera kunja kwa mpanda, koma palibe amene angati Lilongwe ndi cholakwika cha mlembi. Pa manambala a mchira wautali chonchi mpanda wa m'mwamba umaloza ambiri osalakwa, pomwe wa m'munsi nthawi zambiri umagwera pansi pa ziro, komwe kulibe nambala yoti igwidwe. Ndiye kuti cholakwika chotsitsa nambala chimadutsa osaoneka. Njira yofala yokonzera zimenezi ndi kusandutsa manambalawo kukhala ma logarithm, njira ya masamu yomwe imapanikiza kwambiri manambala aakulu kuposa aang'ono, musanawerengere ma quartile, zomwe zimafupikitsa mchirawo. Palinso box plot yosinthidwa yomwe Mia Hubert ndi Ellen Vandervieren anafalitsa mu 2008, yomwe imatalikitsa mpanda ku mbali komwe kuli mchira.

Vuto lina limabwera manambala ambiri akakhala ofanana. Taganizani za mvula yoyezedwa tsiku ndi tsiku m'mwezi wa July. Tinene kuti pa masiku 31, masiku 26 sikunagwe kanthu. Q1 ndi ziro, Q3 ndi ziro, IQR ndi ziro, ndipo mipanda yonse iwiri yakumana pa ziro. Kamvula kalikonse ka chiperoni, kaja kozolowereka ku Thyolo ndi ku Mulanje nyengo yozizira, kadzatchedwa outlier ngakhale kakhale milimita imodzi. Apa nzeru ndi kusiyanitsa mafunso awiri, loti ndi masiku angati omwe inagwa, ndi loti pa masiku omwe inagwawo inachuluka bwanji. IQR ingathandize pa funso lachiwirilo.

Magulu osakanikirana nawonso amasokoneza. Ngati m'kope lija munalembedwa matumba a makilogalamu 50 pamodzi ndi timatumba ta mbewu ta makilogalamu 5, ndiye kuti 5 uja sanali cholakwika, anali wa gulu lina. Timatumba totero tikakhala tochepa, tonse tiwoneka ngati topatuka. Tikachuluka kufika theka, IQR idzakula kwambiri moti palibe chomwe chidzagwidwe, ngakhale thumba la makilogalamu 25 lomwe si la gulu lililonse. Gawani magulu kaye. Ndipo kumbukirani kuti lamuloli limayang'ana muyeso umodzi pa nthawi. Pa kaundula wa chipatala wokhala ndi ana ndi akulu omwe, kutalika kwa masentimita 175 si kwachilendo, kulemera kwa makilogalamu 18 si kwachilendo, koma munthu mmodzi wokhala ndi zonse ziwirizi ndiye kuti penapake palakwika. Mipanda ya kutalika ndi ya kulemera, iliyonse payokha, sidzamuona.

Kuloza si kufufuta

Apa ndi pomwe ndimatsutsana ndi mmene lamuloli limaphunzitsidwira kawirikawiri, makamaka m'maphunziro achidule a pa intaneti, momwe mzere wopeza mipanda umatsatiridwa nthawi yomweyo ndi mzere wofufuta zonse zili kunja. Tukey sanalipangire zimenezo. Mpandawu uli ngati mlonda wa pageti, yemwe ntchito yake ndi kuimitsa munthu n'kumufunsa komwe akuchokera, osati kumuweruza.

Nambala ikalozedwa, funso ndi lakuti inabwera bwanji. Nthawi zina ndi cholakwika cholemba kapena choyeza: ziro woiwalika, kadontho koikidwa polakwika, magalamu olembedwa m'malo mwa makilogalamu, sikelo yomwe inatsamira. Nthawi zina ndi chizindikiro chomwe wolemba anaika posonyeza kuti yankho palibe, monga 999 kapena 99, chomwe kompyuta yachitenga ngati muyeso weniweni. Zoterezi zimakonzedwa pobwerera ku gwero. Thumba lija ngati likadali pa lole, liyezeninso. Mukapeza kuti ndi 50, avareji ikwera kufika 50.7. Ngati gwero kulibe, mutha kuichotsa nambalayo, koma nenani poyera kuti mwachotsa ndipo chifukwa chake ndi chiti.

Koma nthawi zina nambalayo ndi yoona, ndipo mwina ndiyo yofunika kuposa zonse. Mvula yomwe inagwa kum'mwera kwa Malawi mu March 2023, namondwe wa Freddy atafika, ili kutali ndi mpanda uliwonse womwe mungawerengere pa mvula ya masiku wamba. Injiniya wokonza mlatho kapena ngalande ku Blantyre, Phalombe kapena Mulanje akafufuta masiku amenewo kuti manambala ake aoneke osalala, wafufuta chinthu chenicheni chomwe mlathowo uyenera kupirira. Chimodzimodzi wofufuza zachinyengo m'mabuku a ndalama, kapena wazaumoyo woyang'anira kubuka kwa kolera. Kwa iwo manambala a m'kati mwa mpanda ndi nkhani ya masiku onse, ntchito yawo ili kunjako.

Chitsanzo chotchuka ndi cha mpweya wa ozone, womwe umatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa. Mu May 1985, Joe Farman, Brian Gardiner ndi Jonathan Shanklin a bungwe la British Antarctic Survey analengeza m'magazini ya Nature kuti miyeso yawo ya pa siteshoni ya Halley ku Antarctica ikusonyeza kuti ozone akuchepa kwambiri chaka ndi chaka m'miyezi yotsatira nyengo yozizira ya kumeneko. Setilaiti yotchedwa Nimbus 7 ya NASA, bungwe la ku America loona zakuthambo, inali ikuyeza mpweya womwewo kuchokera mu 1978, ndipo pulogalamu yake ya pa kompyuta inakonzedwa kuti miyeso yotsika kupitirira malire ena ake iziikidwa chizindikiro chokayikitsa, poganiza kuti ndi vuto la chipangizo. Malire amenewo sanali a IQR, koma mfundo ndi yomweyo. Nkhaniyi imakambidwa mokokomeza ngati kuti NASA inataya miyesoyo. Siinatayidwe, inasungidwa, ndipo n'chifukwa chake asayansi a NASA anatha kuibwereranso n'kuonetsa pa mapu kuti kuchepako kunakuta dera lalikulu la Antarctica. Pangano la Montreal loletsa mankhwala owononga ozone linasainidwa mu 1987. Pulogalamuyo ikanakhala yofufuta m'malo moika chizindikiro, umboni umenewo sukanapezeka.

Chizolowezi china choipa ndi kubwereza. Munthu afufuta zomwe zili kunja, awerengeranso ma quartile pa zotsalazo, apeza mipanda yafupika, afufutanso, mpaka manambala ake aoneke okongola. Ulendo uliwonse akuchepetsa kusiyana kwenikweni komwe kulipo, ndipo pamapeto adzanena kuti matumba onse amalemera mofanana pomwe sizili choncho. Pomwe simukutha kugamula ngati nambala ndi yoona kapena yolakwika, monga 58 wathu uja, werengerani kawiri, ulendo wina ilimo, wina mulibe, ndipo muonetse mayankho onse awiri. Akafanana, nkhani yatha. Akasiyana kwambiri, ndiye kuti zomwe mukufuna kunena zatsamira pa nambala imodzi, ndipo wowerenga ayenera kudziwa zimenezo. Kapenanso ingonenani median, yomwe siidandaula kuti mwasankha chiyani.

Miyeso 66 ya Simon Newcomb

Mu 1882 katswiri wa zakuthambo Simon Newcomb ankayeza liwiro la kuwala ku Washington. Ankatumiza kuwala kuchokera ku Fort Myer, tsidya lina la mtsinje wa Potomac, kukagunda galasi lomwe linali m'munsi mwa chipilala cha Washington Monument n'kubwerera, ulendo wa pafupifupi makilomita 7.4 kupita ndi kubwera. Miyeso yake 66 ya chaka chimenecho imagwiritsidwa ntchito kwambiri pophunzitsa ziwerengero kuyambira pomwe Stephen Stigler anaifalitsanso mu 1977. Imalembedwa ngati ma nanosekondi owonjezera pa 24,800, ndiye 28 amatanthauza ma nanosekondi 24,828. Nanosekondi ndi gawo limodzi la sekondi yogawidwa ka biliyoni.

Median ya miyesoyi ndi 27. Powerengera pamanja monga tachitira pa matumba, Q1 ndi 24 ndipo Q3 ndi 31, choncho IQR ndi 7 ndipo mipanda ili pa 13.5 ndi 41.5. Muyeso waukulu kwambiri ndi 40, uli m'kati. M'munsi muli iwiri yomwe yatuluka, ya 2 pansi pa ziro ndi ya 44 pansi pa ziro, ndipo yotsatira pamenepo ndi 16. Mpanda wakutali wa m'munsi uli pa 3, ndiye iwiri yonseyo yaudutsanso. Apa lamulo la Tukey lagwira ntchito yake mosakayikitsa. Miyeso iwiriyo ilimo avareji ndi 26.2, ikachotsedwa ndi 27.75, ndipo 64 yotsalayo imamwazika mofanana bwino mbali zonse ziwiri.

Potengera liwiro la kuwala lomwe likudziwika masiku ano, yankho loona pa muyeso wa Newcomb limayenera kukhala pafupifupi 33. Kuchotsa ma outlier awiri aja kwasuntha avareji ndi 1.5 yokha, pomwe mpata wotsala kukafika pa 33 ukuposa 5. Yankho loona lili pamwamba pa Q3, kutanthauza kuti miyeso yoposa magawo atatu mwa anayi inali yotsika kuposa mmene imayenera kukhalira. Panali china chake m'kayezedwe kake chomwe chinkakokera miyeso yonse pansi limodzi, ndipo IQR siingachione chimenecho, chifukwa imayerekeza nambala iliyonse ndi zinzake za m'gulu lomwelo. Gulu lonse likasunthira mbali imodzi, ma quartile ndi mipanda zimasunthira nalo komweko.